Zotsala za Namondwe: Mtsinje Si Dzala, Moto Si Mankhwala

Namondwe akadutsa ndipo madzi akaphwa, ntchito yoyamba ya boma ndi mabungwe imakhala kuwerenga. Amawerenga anthu amene amwalira, nyumba zimene zagwa, milatho imene yaduka ndi mahekitala a mbewu amene akokoloka. Kuwerengaku nkoyenera, pakuti thandizo limatsata chiwerengero. Koma pali zinthu zina zimene zimatsala poyera m'minda, m'madimba, m'ngalande za mthirira ndi m'njira za m'midzi, zomwe kawirikawiri sizilowa m'kaundula: milu ya mchenga, matope, miyala, mitengo yozuka, maduka a njerwa, malata opindika, mapesi, mapulasitiki ndi ziweto zakufa. Zonsezi anthu amazitchula ndi dzina limodzi loti zinyalala, ndipo dzina limeneli ndilo chiyambi cha kulakwitsa.

Chinthu chikatchedwa chinyalala, njira zochichotsera zimene anthu adazolowera ndi ziwiri zokha: kuchitentha kapena kuchiponya mumtsinje. Njira ziwiri zonsezi zimamsaukitsa mlimi kachiwiri. Zotsala za namondwe ziyenera kusankhulidwa monga mmene mayi amasankhulira nyemba palichero, pakuti m'kati mwake muli zoopsa zofunika kuzichotsa msanga, muli chonde chofunika kuchibwezera m'nthaka, ndiponso muli zipangizo zomangira. Kusankhulaku kuyenera kuwerengedwa ngati mbali ya ntchito ya ulimi, kukonzekeredwa mvula isanayambe, ndi kulipiridwa monga mmene zimalipiridwira ntchito zina zachitukuko.

Mlendo wobwerabwera

Ngozi zamtunduwu si zachilendo m'chigawo chino cha Africa. M'chaka cha 1946 napolo adatsika m'phiri la Zomba. M'mwezi wa Malichi 1991 adatsikanso m'phiri la Michesi nakwirira midzi ya ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana adataya miyoyo yawo. M'chaka cha 2000 mtsinje wa Limpopo udasefukira numiza minda ya mthirira ya ku Chókwè m'dziko la Mozambique. M'mwezi wa Januwale 2015 madzi adamiza chigwa cha Shire, ndipo mtsinje wa Ruo udasiya njira yake yakale kufupi ndi Makhanga. M'mwezi wa Malichi 2019 namondwe wa Idai adafika pamtunda kufupi ndi mzinda wa Beira, naononga mbewu pa mahekitala oposa 700,000 ku Mozambique, nagumula mapiri a ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe. Namondwe wa Ana adatsatira mu Januwale 2022, ndipo wa Gombe adafika mu Malichi chaka chomwecho.

Namondwe wa Freddy, amene adakhala ndi moyo masiku 36 akuyenda panyanja ya mchere ya India ndi pamtunda, adafika kachiwiri m'dziko la Mozambique kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, nakhuthulira mvula yochuluka kummwera kwa Malawi. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Zidateronso ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, oposa 650,000 adasiya nyumba zawo, ndipo mbewu za pa mahekitala oposa 200,000 zidaonongeka.

Mlendo amene wafika kanayi m'zaka zisanu sangatchedwenso wodzidzimutsa. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Ngati khwawa likudziwika, ndiye kuti malo amene mchenga udzaunjikane, ngalande zimene zidzatsekeke ndi milatho imene idzakole mitengo nazonso zikudziwika. Chimene chimasowa si chenjezo ayi, koma dongosolo la zochita madzi akaphwa.

Nthawi ya dongosolo limeneli ndi yochepa. Anamondwe ambiri amafika pakati pa Januwale ndi Malichi, chimanga cha m'munda chisanakhwime. Banja limene mbewu zake zapita ndi madzi limatsala ndi chiyembekezo chimodzi, ndicho kubzala m'dimba pachinyontho chotsalira m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Dimba likakhala lokwiririka ndi mchenga ndi zikuni mpaka mu Julayi, chinyontho chimathawa ndipo banjalo limataya zokolola ziwiri m'chaka chimodzi. Choncho nkhani ya zotsala za namondwe si nkhani ya ukhondo wokha. Ndi nkhani ya nsima ya mu Okutobala.

Chimene moto ndi mtsinje zimaba

Moto umakopa chifukwa ndi wachangu. Mulu wa mapesi, udzu ndi nthambi umene ukadatenga masiku atatu kuututa umatha madzulo amodzi. Koma chimene chimakwera ndi utsi ndi chuma cha nthaka. Tani imodzi ya mapesi ouma a chimanga imakhala ndi makilogalamu apakati pa 5 ndi 8 a nayitrojeni, ndipo masangwe a mtedza ndi masamba a nandolo amakhala ndi wochuluka kuposa pamenepa. Thumba la feteleza wa yureya la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Ndiye kuti mlimi amene watentha matani atatu kapena anayi a mapesi wafanana ndi munthu amene waponya thumba la yureya pamoto. Phulusa limasunga potashi, inde, koma nayitrojeni pafupifupi yense amauluka, pamodzi ndi zonse zimene zikadawola n'kufewetsa nthaka.

Kuonjezera apo, milu imene madzi osefukira amaunjika siikhala ya zomera zokhazokha. Mumakhala majumbo, zigubu, matayala, mabatire ndi mabotolo a mankhwala a mbewu. Utsi wa zinthu zimenezi ndi woipa m'mapapo, makamaka kwa ana ndi okalamba amene panthawiyo amakhala atapanikizana m'misasa, ndipo phulusa lake limasiya poizoni pamalo pomwe mawa padzabzalidwa mpiru.

Mtsinje nawo umakopa chifukwa umachotsa chinthu pamaso. Komatu suchichotsa padziko. Chikuni chimene chaponyedwa mu Lirangwe kapena mu Lisungwi chimakafika mu Shire. Chimene chaponyedwa mu Ruo chimakadutsa ku Chiromo, ndipo zonse pamodzi zimakatsirira mu Zambezi m'dziko la eni. Panjira zimatseka milatho ndi mipope ya pansi pa misewu, kotero kuti mvula yotsatira, ngakhale ikhale yochepa, imapeza njira yotseka n'kulowa m'minda. Si kamodzi kokha pamene makina opangira magetsi pa Nkula ndi pa Tedzani aimitsidwa chifukwa cha zinyalala ndi matope zimene zatseka polowera madzi, ndipo zidateronso nthawi ya Freddy. Magetsi akazima, chigayo chimaima, mpope wa mthirira umaima, ndipo mkaka umasasa m'malo osonkhanitsira. Wotaya zinyalala kumtunda ndi wovutika kumunsi kawirikawiri amakhala mlimi yemweyo.

Choyamba, malo olemekezeka

Kusankhula kusanayambe, pali lamulo limodzi loposa onse. Pamalo pamene pakukayikiridwa kuti pansi pa matope pali anthu, ntchito ndi yofunafuna abale, osati yotola zipangizo. Ku Chilobwe, ku Ntauchira m'boma la Chiradzulu ndi ku Chimanimani kuli mabanja amene sadaone nkhope za okondedwa awo kufikira lero. Malo otere ndi manda. Mafumu ndi mabanja okhudzidwa ndiwo ayenera kunena malire ake, ndipo miyala ndi mchenga wa pamenepo siziyenera kugulitsidwa kapena kututidwa. Dongosolo lililonse limene lingaiwale ulemu umenewu silingalandiridwe ndi anthu, ndipo nkoyenera kuti lisalandiridwe.

Mulu woyamba: zoopsa

Zoyamba kuchotsedwa ndi zimene zingaphe. Ziweto zakufa ziyenera kukwiriridwa m'dzenje lakuya mamita awiri, pamtunda, kutali ndi zitsime, mijigo ndi mitsinje, mlangizi wa ziweto atadziwitsidwa. Nthawi ya njala mtima umalakalaka kusenda ng'ombe imene yapezeka itafa, koma nyama yotere ndi msampha. Tizilombo toyambitsa matenda a anthrax timakhala m'nthaka zaka makumi angapo ndipo madzi osefukira amatha kutifukula. Matendawa adapha mvuu zambiri mu Shire ku Liwonde m'chaka cha 2018, ndipo adagwira anthu mazana ku Zambia m'chaka cha 2023. Nkhumba zakufa zikatayidwa mumtsinje zimanyamula chigodola kupita nacho ku makola a kutali.

Chimanga chimene chanyowa m'nkhokwe n'kuchita chuku sichiyenera kudyedwa, kufululira mowa kapena kupatsa nkhuku ndi ng'ombe zamkaka, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto wophikira ndipo amaononga chiwindi. M'chaka cha 2004 anthu 125 adamwalira ku Kenya atadya chimanga chotere. Malo ake ndi m'dzenje la manyowa. Ndiwo zamasamba zimene zamizidwa ndi madzi odutsa m'zimbudzi nazonso si zodya zosaphika. Freddy adafika pamene dziko la Malawi linali kale pakati pa mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 nupha anthu oposa 1,700.

Mabotolo ndi zigubu za mankhwala ophera tizilombo, mabatire a magalimoto ndi a nyali za dzuwa, ndi mafuta a injini ziyenera kusonkhanitsidwa pamalo amodzi otchingidwa, osatenthedwa, mpaka a zaulimi kapena a khonsolo atazitenga. Chigubu chimene mudali mankhwala a thonje sichikhalanso chotungira madzi, ngakhale chitsukidwe kangati.

Choopsa china chimene anthu ambiri sachidziwa ndi malata a asibesitosi. Mwala umenewu udakumbidwa kwa zaka zambiri ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe, ndipo nyumba zambiri zakale, masukulu ndi nyumba zosungiramo katundu m'chigawo chino zidafoleredwa ndi malata ake. Idai atasasula madenga a mu Beira, zidutswa za malatawa zidali m'gulu la zotsala zovuta kwambiri kuzisamala. Lata la asibesitosi likakhala lathunthu siliopsa kwenikweni, koma likasweka limatulutsa fumbi limene limakhazikika m'mapapo n'kudzayambitsa khansa patapita zaka 20 kapena 40. Zidutswa zake ziyenera kunyowetsedwa, kukulungidwa ndi kukwiriridwa pamalo odziwika. Siziyenera kuphwanyidwa, kuthiridwa mumsewu kapena kuotcherapo chimanga. Dziko la South Africa lidaletsa asibesitosi m'chaka cha 2008 ndipo la Mozambique m'chaka cha 2010, koma lamulo silisasula madenga akale. Namondwe ndiye amawasasula.

Mulu wachiwiri: zowola

Mapesi, udzu, bango, masamba, makungwa, nthochi zogwa ndi namasupuni amene madzi amamsiya pamtunda, zonsezi ndi manyowa amene sadapse. Alimi a m'chigawo chino safuna kuphunzitsidwa zachilendo pankhaniyi, pakuti njira za chimato, changu ndi dzenje akuzidziwa kale kuchokera kwa alangizi awo. Mulu wa kompositi wosanjidwa bwino, wosakaniza zouma, zaziwisi ndi ndowe, umatentha m'kati mpaka madigiri 55 kapena 65, ndipo kutenthaku kumapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda ndi njere za udzu. Mulu woumbidwa mu Epulo umakhala utapsa nthawi yokonza minda isanakwane. Nthaka imene yakhala m'madzi masabata angapo imakhala itataya nayitrojeni, ndipo tamoyo tating'onoting'ono timene timathandiza mizu kuyamwa fosifolasi timakhala titachepa. Manyowa ndiwo amabwezeretsa moyo umenewu. Chofunika ndi kuyamba kutola mapulasitiki ndi magalasi m'milumo.

Mulu wachitatu: zomangira

Nyumba ikagwa, si njerwa zonse zimene zimasweka. Njerwa yootcha yomangidwa ndi dothi imachoka yathunthu, ndipo maduka amagwira ntchito m'maziko, pansi pa khola ndi pokwirira maenje a mumsewu. Njerwa iliyonse yopulumutsidwa imachepetsa nkhuni za pauvuni. Mfundoyi ndi yaikulu, chifukwa mudzi umene ungamangenso nyumba zake zonse ndi njerwa zatsopano udzamaliza mitengo yotsala m'phiri, ndipo phiri lopanda mitengo ndilo limatumiza napolo wotsatira. Malata opindika amawongoka n'kufolera khitchini kapena khola. Otheratu ali ndi msika kwa amisiri okhoma mbaula ndi kwa ogula zitsulo zakutha. Misomali, mawaya ndi mafelemu a zitseko sizisowa ntchito.

Mitengo yozuka imafuna changu. Paini akagwa nakhala pansi pachinyezi amayamba kuda m'kati patangopita masabata owerengeka, ndipo mtengo wa matabwa ake umatsika. Mitengo yachilengedwe yolimba imapirira nthawi yotalikirapo. Yoongoka ichekedwe matabwa ndi milimo ya nyumba, nthambi zikhale nkhuni za m'misasa ndi m'masukulu. Koma si mtengo uliwonse woyenera kuchotsedwa. Pamalo otsetsereka pamene nthaka yasendeka, chikuni chogonekedwa mopingasa ndi kukhomereredwa ndi zikhomo chimagwira dothi mpaka udzu utamera.

Miyala nayo ndi chimodzimodzi. Mwala umene uli pakati pa munda ndi mdani wa khasu, koma ukasanjidwa pamzere wa kalozera umasanduka mlonda wa nthaka. Ing'onoing'ono itsekere zigwembe zimene madzi akumba, ina ilowe m'mabokosi a waya otetezera magombe a mitsinje ndi miyendo ya milatho, ina iphwanyidwe n'kugulitsidwa kwa omanga. Nzeruyi si yobwereka kunja. M'mapiri a Nyanga ku Zimbabwe muli mizere ya miyala imene alimi akale adasanja zaka mazana apitawo kuti alime m'malo otsetsereka, ndipo ikuonekabe. Kumbuyo kwa mzere wa miyala kukabzalidwa udzu wa vetiva, mpandawo umalimba chaka ndi chaka.

Mulu wachinayi: mchenga ndi matope

Mulu waukulu kuposa yonse ndi wa dothi, ndipo pano mpofunika kusiyanitsa. Matope akuda osalala amene madzi odekha amasiya ndi mphatso. Alimi a m'mbali mwa madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, ndi anzawo a m'chigwa cha Barotse ku Zambia, akhala akukolola pa matope otere mibadwomibadwo. Matope otsekera ngalande za mthirira, akakokoledwa, malo ake ndi m'munda, osati m'mbali mwa ngalande momwe mvula yoyamba idzawabwezeremo. Ndi bwino kukumbukira kumene dothili lachokera. Kafukufuku wa bungwe la FAO pamodzi ndi boma la Malawi adapeza kuti m'chaka cha 2014 dzikoli linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Chimene chatseka ngalande ku Muona m'boma la Nsanje ndi chonde cha minda ya m'mapiri a Thyolo.

Mchenga ndi nkhani ina. Ulibe chakudya cha mbewu ndipo susunga madzi. Chochita chimadalira kuya kwake, choncho chida choyamba si fosholo koma ndodo yoyezera. Ngati mchenga sukupitirira masentimita 5, kulima kwa masiku onse kumausakaniza ndi dothi la pansi, ndipo pa nthaka ya makande ungathenso kuthandiza kufewetsa. Ukakhala pakati pa masentimita 5 ndi 20 umafuna kutipula mozama kapena pulawo, ndi manyowa ochuluka. Ukapitirira apo uyenera kumwazidwa pamalo otakata kapena kututidwa.

Apa mpamene masamu amaonetsa kukula kwa vuto. Mchenga wakuya masentimita 10 pa hekitala imodzi umalemera pafupifupi matani 1,500. Ngati ngolo ya ng'ombe isenza theka la tani, pafunika maulendo 3,000. Ngolo yoyenda maulendo 10 patsiku ingatenge masiku 300. Ngakhale pa ekala imodzi yokha pafunika maulendo oposa 1,000. Kuuza mayi wamasiye kuti achotse yekha mchenga wotere ndi khasu ndi dengu ndi kumunyoza. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: ntchito imeneyi ndi ya gulu, ya ngolo zambiri, ndipo malo ena ndi ya makina a boma.

Pomwe mchenga wachuluka kosati n'kuchotseka, munda usasiyidwe wosabzala. Mlimi angakumbe maenje ofika pa dothi lakale, kuthiramo manyowa n'kubzala maungu, mavwende kapena chimanga. Mbatata, chinangwa, khobwe, mtedza ndi nandolo zimapirira nthaka yamchenga kuposa chimanga, ndipo mizu ndi masamba ake zimayamba kumanganso chonde. Mchenga wotutidwa uli ndi ntchito: kuumbira njerwa za simenti, kukweza maziko a nyumba ndi makola, ndi kudzaza matumba otchingira madzi. Ngolo iliyonse ya mchenga yochokera m'munda wokwiririka ndi ngolo imodzi imene siidakumbidwe m'gombe la mtsinje.

Zimene otsutsa anganene

Ena anganene kuti nkhani yosankhula ndi ya anthu okhuta, ndipo kuti munthu amene waika mwana wake dzulo nagona m'kalasi ya sukulu alibe mtima wosanja njerwa. Mawuwa ndi oona, ndipo ndi chifukwa chake kusankhula sikuyenera kukhala katundu woonjezera pamutu wa ofedwa. Kuyenera kukhala ntchito yolipidwa. Dziko la Malawi lili ndi mbiri yaitali ya ntchito zolipira anthu akumudzi pokonza misewu ndi kusamala nthaka, kuyambira nthawi ya MASAF m'zaka za m'ma 1990. Ndalama zimene zimaperekedwa kwa anthu ovutika zingadzere njira yomweyo: amphamvu alandire malipiro pokokola ngalande, kusanja miyala ndi kuumba milu ya manyowa, kuyambira m'minda ya okalamba, odwala ndi ana amasiye, pamene ofookawo akulandira thandizo lawo popanda kugwira ntchito. Ndalama imodzi yomweyo imagula ufa lero n'kutsegula dimba la mawa.

Ena anganene kuti moto ndiwo umathamangitsa njoka, makoswe ndi fungo. Chimene chimaitana ntchentche ndi makoswe ndi nyama zakufa ndi zakudya zowola, ndipo izi zikachotsedwa m'masiku oyamba, mulu wa mapesi ndi nthambi ungadikire popanda kudwalitsa munthu.

Enanso anganene kuti zotere zimatheka m'maiko olemera okha. Nzoona kuti dziko la Japan, litagwedezeka ndi chivomezi ndi kusefukira kwa nyanja mu Malichi 2011, lidatsala ndi zogumuka zokwana pafupifupi matani 20 miliyoni, ndipo pomafika m'chaka cha 2014 lidali litagwiritsanso ntchito pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a zimenezi. Makina ake chigawo chino chilibe. Koma chimene chidatsogolera makinawo ndi lamulo losavuta: kupatula malo osonkhanitsirako, ndi kusiyanitsa matabwa, zitsulo, simenti ndi zoopsa. Lamulo lotere silifuna ndalama zakunja. Komanso zotsala za m'midzi ya kuno zambiri ndi dothi, miyala ndi zomera, zinthu zimene manja a mlimi amazidziwa.

Chitsutso cholemera kuposa zonse ndi cha makala. Chilolezo chotola mitengo yozuka chingasanduke khomo lodulira yamoyo, pakuti thumba la makala silinena ngati mtengo wake udagwa ndi mphepo kapena ndi nkhwangwa. Lamulo la nkhalango la ku Malawi la 1997, limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo namondwe salifafaniza. Njira yake ndi yakuti mitengo yakugwa iwerengedwe ndi kuikidwa chizindikiro ndi komiti ya nkhalango ya m'mudzi pamodzi ndi mlangizi wa nkhalango, ndipo nthawi yotola ikhale ndi tsiku lotsekera.

Mwini wake ndani?

Milandu yambiri imene imafika pabwalo la nyakwawa madzi akaphwa ndi ya umwini. Lata limene lauluka kuchokera padenga la wina n'kugwera m'munda wa wina ndi la yani? Nanga mtengo wa m'bawa umene wabwera ndi madzi kuchokera kumudzi wa kumtunda? Nanga malire a minda amene akwiririka ndi mchenga? Milandu yotere ikaweruzidwa pamene anthu ali ndi njala ndi mkwiyo, wamphamvu ndiye amapambana. Nkwabwino kuti mafumu ndi anthu awo agwirizane mfundo zake mu Okutobala, mvula isanagwe: chodziwika mwini chibwerere kwa mwini, chosadziwika chithandize ntchito ya mudzi monga sukulu kapena mlatho, ndipo ngodya za minda zizindikiridwe ndi mitengo yamoyo kapena zitsa za vetiva zimene mizu yake imazama.

Pamsonkhano womwewo asankhe malo okwiririrako ziweto, malo osungirako zoopsa ndi malo ounjikirako mchenga, ndipo alembe maina a eni ngolo, eni macheka ndi amisiri. Lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi limene dziko la Malawi lidakhazikitsa m'chaka cha 1991, ngozi ya ku Phalombe itachitika, lidalowedwa m'malo ndi latsopano m'chaka cha 2023, lomwe likutsindika kukonzekera ngozi isanagwe. Mzimu wa lamuloli udzaoneka ngati ndondomeko za makomiti a m'midzi ndi za makhonsolo zidzakhale ndi tsamba lonena za zotsala, osati za kuthawa ndi misasa zokha.

Gawo la akafukufuku

Akatswiri a kafukufuku wa zaulimi ali ndi ngongole pankhaniyi. Mlangizi amene waima pamunda wokwiririka amafunsidwa mafunso atatu: mchengawu uchotsedwe kapena usiyidwe, pabzalidwe chiyani, ndipo chonde chidzabwerera liti. Ayenera kukhala ndi kapepala kamodzi, kolembedwa m'chinenero cha alimi ake, koyankha mafunsowa molingana ndi kuya kwa mchenga ndi mtundu wa dothi la pansi. Malo a kafukufuku monga Kasinthula, Bvumbwe ndi Chitedze ku Malawi, Sussundenga ku Mozambique ndi Chiredzi ku Zimbabwe angathe kugawana ntchito: kuyeza dothi la minda yomizidwa, kuyesa mitundu ya mbatata, khobwe ndi nandolo pa mchenga wosiyidwa ndi madzi, ndi kutsatira minda yomweyo zaka zisanu kuti adziwe njira imene imabwezeretsa zokolola msanga.

Alimi a ku Phalombe amene adalimanso pakati pa miyala ya 1991, a ku Chókwè amene adatsegulanso ngalande zawo madzi a 2000 ataphwa, ndi a ku Chimanimani amene adayambiranso Idai atapita, ali ndi nzeru zimene adazigula ndi thukuta. Akafukufuku apite kukawafunsa anthuwa akadali moyo, alembe zimene zidatheka ndi zimene zidakanika, kuti mudzi umene udzagwe m'ngozi chaka chamawa usadzayambire pachabe.

Namondwe amatenga zambiri zimene munthu sangazibweze. Koma dothi, miyala, mitengo ndi njerwa sazitenga, amangozisuntha n'kuzisakaniza. Kutayika kwake kwenikweni kumachitika pambuyo, ndi machesi kapena ndi wilibala yolunjika kumtsinje. Kutayika kumeneko kuli m'manja mwa anthu, ndipo kungapeweke ngati mafumu, alangizi, makhonsolo ndi opereka thandizo atagwirizana chinthu chimodzi mvula isanayambe: kuti madzi akaphwa, zoopsa zikwiriridwe, zowola zibwerere m'nthaka, zomangira zimange, ndipo dimba litseguke chinyontho chisanathawe.